Kodi Chikondi cha Mayi Chimayezedwa ndi Utsi?

Amayi anzathu, tiyeni tiyambe ndi mphika wa nyemba. Tonsefe kuno ku Chikale tikudziwa kuti nyemba zouma zikateleka m'mawa zimafuna maola atatu kapena anayi kuti zipse, ndipo nthawi yonseyo munthu amakhala akusonkhezera moto, kuwonjezera madzi ndi kupukuta misozi ya utsi. Masiku ano ena mwa ife aphunzira njira ina. Amawiritsa nyembazo kanthawi kochepa, n'kuphula mphika uli chibwatire, n'kuuika m'dengu loyalidwa nsalu zochindikala, n'kuvundikira bwinobwino. Akatero amanyamula beseni la usipa kupita kumsika, ndipo pobwera masana amapeza nyemba zapsa, zikadali zotentha.

Koma njirayi yabweretsa mawu m'makomo. Tamvapo apongozi akuuza mkazi wa mwana wawo kuti, "Inu mayi a mwana, ndiwo za ana mwazifungatiritsa m'dengu ngati mazira a nkhuku? Kwathu mkazi sachoka pamoto." Ena amanena poyera kuti umenewu ndi ulesi, enanso amati ndi kuumira nkhuni. Funso limeneli si laling'ono, chifukwa likukhudza dzina la mayi pakhomo pake. Kodi mayi amene sanakhale pautsi wawakonda ana ake mopereweza?

Tisanayankhe, ndi bwino tidziwe kumene nzeruyi idachokera. M'masitolo a m'mizinda mumapezeka mphika wamagetsi umene umaphika pang'onopang'ono tsiku lonse. Amene adaupanga ndi Irving Naxon wa ku Chicago, ndipo boma la America lidamulembera umwini wa lusoli mu 1940. Maganizowo adawatenga m'nkhani imene mayi ake ankamusimbira ya kwawo ku Vilnius. Kumeneko mabanja a Chiyuda, popeza sasonkha moto pa Sabata, ankatenga mphika wa nyemba Lachisanu madzulo n'kukausiya mu uvuni wa wophika buledi umene unali kuzirala, ndipo ankakautenga mawa lake chakudya chitapsa. Mu 1971 kampani ya Rival idayamba kugulitsa mphikawu ndi dzina loti Crock-Pot. Choncho nzeru imeneyi idabadwira m'manja mwa amayi osauka amene ankafuna kuti banja lidye zotentha pa tsiku lopuma.

Ambiri a ife mphika wamagetsiwo sitingaukwanitse, ndipo ngakhale amene ali nawo sangaudalire nthawi zonse. Tikukumbukira mmene magetsi ankathimira namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, mpaka makina adayambanso kugwira ntchito mu 2023. Ku South Africa, kuthimathima kwa magetsi kwa mu 2008 ndi kumene kudachititsa mayi wina, Sarah Collins, kupanga thumba lophikira lotchedwa Wonderbag. Dengu lathuli ndi m'bale wake wa thumba limenelo. Chinsinsi chake n'chakuti chakudya chikawira, chimene chimachipsetsa ndi kutentha kumene kuli kale mumphika. Moto umene timapitiriza kusonkha umangobwezeretsa kutentha kothawira mumphepo. Tikatsekera kutenthako ndi thonje, bulangete lakale, masamba ouma a nthochi kapena mankhusu a mpunga osokerera m'nsalu, mphika umapitiriza ntchito wokha.

Tsono tiwamvetsere apongozi aja, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Iwo akunena chinthu choona. Chakudya cha banja chimafuna mtima wa munthu, ndipo ndiwo zopserera kapena zosapsa zimachititsa manyazi. Pamafuwa ndi pamene ifeyo tidaphunzirira kuphika, kumva miyambi ndi kulangizidwa. Akamaona mphika uli wokhawokha, amaopa kuti ndi ana amene asiyidwa okha. Mantha amenewa tisawaseke.

Komabe tiyeni tione zimene dengu limafuna kwa mayi. Ayenera kukumbukira dzulo lake kusankha nyemba ndi kuziviika m'madzi usiku wonse. Ayenera kulawirira, kuziwiritsa kwambiri mphindi 15 kapena 20, kuyeza madzi ndi mchere molondola chifukwa sadzavundukulanso, ndi kudziwa nthawi imene ana abwere kuchokera kusukulu. Munthu waulesi saganizira za mawa. Mayi wa dengu uja waganizira njala ya ana ake iwo asanaimve. Chisamaliro chija apongozi akuchifuna chilipo ndithu, kungoti chachitika usiku ndi mbandakucha, nthawi imene anthu odutsa panjira sachiona. Apa ndi pamene tiyenera kudzifunsa moona mtima ngati timakhala pautsi chifukwa cha ana, kapena kuti anansi atione kuti ndife akazi olimbikira.

Pali funso linanso limene sitikonda kulifunsa: moto wa maola anayiwo amaulipira ndani? Woyamba ndi mwana wamkazi amene amakwera mapiri kukatola nkhuni, nabwera khosi likuwawa, homuweki osalemba. Wachiwiri ndi thumba la banja. Kuyambira pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, palibe mayi amene sadziwa kuti ndalama imene yapita ku makala yachoka pa sopo, mafuta ophikira kapena makope. Chachitatu ndi zifuwa zathu ndi za makanda amene timabereka kumbuyo pophika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni adamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Chachinayi ndi mitengo. Phiri likameteka, mvula imakokolola dothi kulitsitsira m'mitsinje mpaka m'nyanja, ndipo matope amakwirira malo amene nsomba zimaswana. Ife amene timadya usipa ndi batala sitinganene kuti nkhani ya mitengo ya ku Kandoli sikutikhudza. Ngati chikondi chathu chiyezedwa ndi kuchuluka kwa utsi, ndiye kuti tikuchionetsa ndi katundu wa ena.

M'boma lathu lino nkhani yosunga nkhuni si yachilendo. Bungwe la Ripple Africa, limene lidayamba ntchito zake ku Mwaya mu 2003, laphunzitsa mabanja ambiri kumanga mbaula ya njerwa ndi dothi yotchedwa Changu Changu Moto, ndipo limati banja limene linkatha mitolo itatu pa sabata limakwanitsa ndi mtolo umodzi. Mbaulayo imawiritsa mphika msanga, dengu n'kumalizitsa modekha. Ziwirizi zikaphatikizana, nyemba, nandolo, nzama ndi chingowe zimasiya kukhala ndiwo zoopedwa chifukwa cha nkhuni, ndipo ana amadya zakudya zomanga thupi ngakhale nsomba zitakwera mtengo nyengo ya mwera.

Nanga amene amati uku ndi kuumira tiwayankhe bwanji? Makolo athu ankasiyanitsa kusinira ndi kuumira. Wosinira amadya ndiwo pang'onopang'ono kuti zikwanire onse ndi kufika mawa. Woumira amabisa mphika akamva mlendo akuodira. Kusiyana kwake kumaoneka tikafunsa kumene chopulumutsidwacho chapita. Ngati ndalama ya makala yagula yunifolomu, ngati nkhuni zotsala zapita kwa agogo amene sangathenso kukwera phiri, ngati m'bale wotsika Ilala usiku wapeza nyemba zotentha m'dengu, pamenepo palibe kuumira. Koma ngati tasunga nkhuni n'kumamana ana chakudya cham'mawa, dengu silingatiyeretse. Chida sichisintha mtima wa munthu, chimangoupatsa mpata woonekera.

Chimodzimodzinso ndi nthawi imene yapulumuka. Ena adzaigwiritsa ntchito kumunda wa chinangwa, ena pa geni, ena kukazonda wodwala kuchipatala kapena kukhala nawo pa mapemphero a Lamulungu osadera nkhawa mphika. Zonsezi n'zabwino. Koma tikupempha abambo, ndiponso ife eni, kuti maola amenewa asadzazidwe onse ndi ntchito zina ngati kuti mayi akakhala pansi walakwa. Amayi a ku Vilnius aja ankachita zimenezi kuti apume. Mayi wopuma amamva bwino zimene mwana akumuuza, ndipo sakalipa msanga.

Tinenenso zimene dengu silingachite, kuopa kuti tingapweteke nalo mabanja. Nsima ndi kondowole zimafuna mthiko ndi mkono, ndipo sizidzapsa m'dengu. Chigwada chiyenera kusinjidwa ndi kuwira mokwanira pamoto mphika uli wosavundikira, kuti ululu wake uchoke. Nyemba, makamaka zofiira, zikapanda kubwata mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa, choncho tisafulumire kuphula. Mphika ukhale wodzaza bwino ndi wa chivundikiro chothina, ndipo tisamausuzumire. Tikapeza chakudya chazirala, tichiwiritsenso tisanagawe, makamaka ngati muli nyama. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kuyende ndi ukhondo.

Pomaliza, kwa inu amene mwanyozedwapo chifukwa cha dengu, musayankhe mwamwano. Apongozi anu adalera ana ndi utsi chifukwa njira ina padalibe, ndipo maso awo ofiira ndi umboni wa zimene adapirira. Apempheni kuti akuthandizeni kusoka nsalu za m'dengumo, popeza manja awo amadziwa singano kuposa athu. Tsiku loyamba aloleni avundukule okha mphika, nthunzi iwawombe kumaso, ndipo muwafunse kuti, "Amayi, talawani, mchere wakwana?" Ndipo kwa ife amene tsopano ndife apongozi, tisafune kuti ana athu avutike mmene tidavutikira ife kuti tikhulupirire kuti amakonda mabanja awo. Tiyang'ane ngati adzukulu akhuta, ngati mtsikana wapita kusukulu nthawi yabwino, ndiponso ngati khanda lagona usiku wonse osatsokomola.