Sikelo Aigwire Ndani?

Chaka chikamatha, aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi kuno ku Mozambique amayesedwa kagwiridwe ka ntchito. Boma linakhazikitsa ndondomekoyi mu 2009, n'kuitcha SIGEDAP. Chaka chikamayamba umalemba zimene udzachite, chikamatha shefi amakupatsa giredi monga Bom (bwino) kapena Muito Bom (bwino kwambiri), ndipo kukwezedwa kumayang'ananso pamenepo. Ine ndinagwira choko mpaka kupuma kuno ku Zóbuè, koma funso ili silinandichoke: woyenera kugwira sikelo ndi amene anakutuma, kapena amene unatumidwa kwa iye?

Taonani za ku Cateme. M'zaka za 2009 ndi 2010, mabanja opitirira 700 a ku Chipanga, Mithete ndi Malabwe anasamutsidwira kumeneko, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize, kuti kampani ya Vale ikumbe malasha. Papepala zonse zinali bwinobwino: nyumba zamalata, sukulu, chipatala. Wowerenga nyumba akanatha kulemba Muito Bom chikumbumtima osamutsutsa. Koma ogonamo ankadandaula za ming'alu m'makoma, ankatinso analonjezedwa mahekitala awiri n'kulandira imodzi, pena yamiyala yokhayokha. Pa 10 Januwale 2012 anakatseka njanji, sitima ya malasha n'kuima. Apolisi anawabalalitsa, ena anamangidwa. Mu Ogasiti chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012, malamulo a kasamutsidwe ka anthu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inde, koma mpaka munthu akakhale panjanji kuti amvedwe?

Pa Mateyu 25, m'nkhani ya nkhosa ndi mbuzi, chimene chimandiopsa n'chakuti woweruza safunsa lipoti. Amadziika m'malo mwa wanjala, wodwala ndi wandende, ndipo mlandu umagamulidwa ndi zimene iwowa analandira. Olungama aja sankadziwa n'komwe kuti akuyesedwa. Ife timadziwa mwezi wake, n'chifukwa chake ena amakolopa ofesi sabata imene shefi akubwera.

Sindikunena kuti gulu sililakwa. Namwino wokana kubaya jakisoni pamene safunika amadedwa mudzi wonse, pamene wogawa mapiritsi ngati mtedza amatamandidwa. Mphunzitsi wobweza mwana kalasi sapatsidwa moni pamsika. Ndi gulunso limene linasankha Baraba. Choncho shefi akhalepo ndithu, poti ndiye amadziwa malamulo a ntchitoyo, ndiponso amadziwa ngati mankhwala anafika kapena ayi. Kuyesa mlangizi wopanda njinga ngati kuti ali nayo n'kumuchimwira.

Koma shefi yekha amaona zokwera kumtunda, ndiye kuti mapepala. Mayi amene anafika pachipatala tambala woyamba atalira, mwana akutentha thupi kumsana, ndiye amadziwa nthawi imene chitseko chinatsegulidwa, ndi mawu amene anamulandira nawo.

Inu mashefi a ku Moatize, musanasaine fomu ya munthu chaka chino, pitani ku Cateme osalengeza. Mukakhale pansi ndi komiti ya makolo ndiponso amayi a kusikelo ya ana, mumve zawo, kenako mumve za wantchitoyo. Mukatero, sainani.