Kunenepa, kuonda ndi malonje athu

Pali mawu awiri amene sasowa pakhomo pa tchalitchi mapemphero akangotha. Ena ndi akuti, "Koma ndiye mwanenepatu, bambo akukusamalani!" Enawo ndi akuti, "Mwaondatu chonchi, kwagwanji?" Onse amanenedwa mokoma mtima. Koma kodi n'koyenera kuti thupi la mnzathu likhale nkhani ya malonje? Nanga tikaliyang'ana, timadziwadi chiyani za mwini wakeyo?

Ife amene tinagwira ntchito m'mawodi m'zaka za m'ma 1990 funso limeneli sitilitenga mopepuka. Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo sipanatenge nthawi kuti anthu ayambe kuitchula kuti kaliwondewonde. Kuyambira pamenepo kuonda kunasanduka chigamulo. Mayi wodwala chifuwa chachikulu, wamasiye amene chisoni chinamulanda chilakolako cha chakudya, ngakhale woyamwitsa m'chaka cha njala cha 2002, onsewa ankalozedwa chala ndi kukumbiridwa manda ali moyo. Amuna ena ankasankha akazi onenepa poganiza kuti alibe kachilombo, chonsecho kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu akuoneka wathanzi. Ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, ena mwa mankhwala oyambirira aja, makamaka stavudine, ankaphwetsa masaya ndi kuwondetsa miyendo, ndiye anthu anayambanso kuwerengana nkhope m'maminibasi. Maso ankanama, ndipo bodza limenelo linatengetsa anthu ambiri.

Lero ana athu aakazi akumva uthenga wina. Pa Facebook ndi TikTok akuuzidwa kuti mimba iphwe, chiuno chichepe, koma mbuyomu mudzaze. Ndiye wina akugula tiyi woondetsa, mnzake akugula Apetamin kuti anenepe, wogulitsa n'kumapindula mbali zonse ziwiri. Matiyi ambiri oterewa amakhala ndi masamba a senna, amene ntchito yake ndi kutsegula m'mimba basi. Chimene chimatsika pa sikelo ndi madzi, ndipo pamodzi ndi madziwo mumachoka mchere wa potaziyamu umene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Mankhwala oondetsa a sibutramine anachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa ankawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko, komabe akhala akupezeka obisika m'makapisozi ndi m'matiyi otchedwa achilengedwe. Apetamin nayenso muli cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amagonetsa tulo. Si chakudya ayi.

Tisaganize kuti mwambo wathu wokonda thupi lodzaza utiteteza. Anthu a ku zilumba za Fiji nawonso ankalemekeza kunenepa. M'dera la Nadroga wailesi ya kanema inafika mu 1995, ndipo dokotala wina, Anne Becker, anafunsa atsikana a sukulu chaka chomwecho. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadzisanzitsa kuti aonde. Atabwerera mu 1998, atsikana 11 pa 100 aliwonse anavomera kuti amatero. Zaka zitatu zokha.

Wina anena kuti, nanga shuga ndi BP? N'zoona, ndipo namwino aliyense amene anatsukapo bala la phazi la wodwala shuga sangakane. Kunenepa kwambiri, makamaka pamimba, kumawonjezera ngozi ya matenda amenewa komanso kumalemetsa mawondo. Koma kusamala thupi ndi kudana nalo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mayi amene wachepetsa mchere ndi zakumwa zotsekemera, wabwerera ku mgaiwa, nyemba ndi nkhwani wotendera, ndipo akuyenda wapansi, wachita bwino ngakhale sikelo isasunthe. Amene akungomwa madzi a ndimu masiku atatu kuti diresi la ukwati limukwane akudzivulaza, ngakhale anthu amuyamikire. Taonaponso amayi oonda ngati bango atagwa ndi sitiroko chifukwa palibe anaganizapo zowayeza BP. Ndipo muyeso uja wa BMI umene umalembedwa m'mabuku a kuchipatala unachokera kwa Adolphe Quetelet wa ku Belgium, katswiri wa masamu amene ankayeza azungu m'zaka za m'ma 1830. Umathandiza powerengera gulu la anthu, koma susiyanitsa mnofu wa mayi wolima ndi mafuta.

Buku la Genesis limatiphunzitsa kuti Mlengi anakondwera ndi zimene analenga, ndipo silitchula makilogalamu. Thupi limene labereka ana asanu, lasenza mitolo ya nkhuni ndi kugona pansi m'maliro osawerengeka silingafanane ndi la mtsikana wa zaka 18, ndipo lilibe mlandu woti lipepese. Tinenenso pano kuti kusala kudya pa Lenti ndi pemphero. Tikakusandutsa njira yochepetsera mimba, ndiye kuti tasokoneza zonse ziwiri.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi atsikana a m'nyumba zathu, chifukwa amamva zonse zimene timanena za matupi a anzathu ndi athu omwe. Mukaona mwana akunena kuti wadya kale tsiku ndi tsiku, akuthamangira kuchimbudzi akangosamba m'manja, akuchita chizungulire, kapena wasiya kusamba kumwezi koma alibe pathupi, musamukalipire kapena kumukakamiza nsima pamaso pa abale ake. Khalani naye pansi awiriwiri, mufunseni chimene akumwa ndi amene anamugulitsa, kenako mupite naye kuchipatala, mutanyamula paketi ya tiyiyo kuti adokotala akaione.