LACHITATU: Chisoni Cholemera

Werengani Yesaya 53:3, 4; Agalatiya 6:2; Chivumbulutso 20:13.

Pamene madzi anasefukira m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje mu Januwale 2015, ndiponso pamene namondwe wa Freddy anakantha dziko lathu mu Malichi 2023, mawu a Chingerezi akuti grief anamveka kawirikawiri pakamwa pa ogwira ntchito za chithandizo. Omasulira ankangoti "chisoni." Sanalakwe ayi. Koma mawu athu akuti chisoni ndi otakata kwambiri. Mlendo wodutsa pamsewu amamva chisoni poona mwana wolumala, ndipo mayi amene waika mwana wake m'manda amamvanso chisoni. Kodi chisoni cha anthu awiriwa n'chimodzi?

Mawu akuti grief sanenedwa za mlendo wodutsa uja. Amanenedwa za mwini maliro, amene chinthu cha mtengo wapatali chachotsedwa m'moyo wake. Tsinde lake ndi mawu a Chilatini akuti gravis, kutanthauza cholemera. Chotero chisoni chimene tikunena pano ndi katundu, ngati mtolo wa nkhuni umene munthu wasenza ndipo alibe poutula. Baibulo la Chingerezi la King James, la chaka cha 1611, linagwiritsa ntchito mawu amenewa pa Yesaya 53:3, 4 pofotokoza za Mtumiki wa Yehova. Taonani zimene mneneri akunena za Mesiya: Iye anazinyamula yekha zowawa zathuzo pa thupi lake.

Nanga ife tikuyenera kuchitanji? Pa Agalatiya 6:2 Paulo akutilamula kusenzerana zolemetsa, ndipo mawu a Chigriki amene analemba, baros, ndi apachibale ndi gravis uja. Makolo athu anati maliro n'kulirana, ndipo m'chigwa cha Shire mwambowu timausunga bwino. Timachezera usiku wonse, timaimba, timasonkha ufa ndi nkhuni. Chovuta n'chakuti katunduyu amayamba kulemera tsiku limene anthu abalalika. Pakatha mwezi, wamasiye uja amatsala yekha ndi munda wokwiririka ndi mchenga, ndipo ife a mpingo, kunena zoona, timayamba kudabwa chifukwa chake sakubwera ku Sukulu ya Sabata. Ena amamuuza kuti kulira nthawi yaitali ndi kusowa chikhulupiriro. Malembo sanena choncho. Yesu analira pa manda a Lazaro ngakhale ankadziwa kuti amuukitsa nthawi yomweyo (Yohane 11:35). Paulo naye, pa 1 Atesalonika 4:13, saletsa kulira. Chimene akukana ndi kulira kwa anthu opanda chiyembekezo.

Pali abale ndi alongo pakati pathu amene katundu wawo ndi wolemera koposa. Okondedwa awo anatengedwa ndi madzi a Shire kapena a Ruo, ndipo mitembo sinapezeke. Panalibe bokosi, panalibe manda oti nkupitako kukalambula. Ambiri a iwo amafunsa mumtima ngati munthu wosaikidwa m'manda adzauka. Awa tiwatsegulire Chivumbulutso 20:13, pamene Yohane anaona nyanja ikubweza akufa amene anali m'menemo. Akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu (Mlaliki 9:5). Sakuvutika m'matope, ndipo sakuyendayenda kufunafuna kwawo. Mulungu amene analenga munthu ndi dothi sasowa chizindikiro cha manda kuti adziwe pamene mwana wake wagona.

Koma chenjerani ndi nthawi yonenera zimenezi. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osanena kanthu (Yobu 2:13). Anayamba kumupweteka atatsegula pakamwa.

Kodi m'kalasi mwanu muli ndani amene anaferedwa chaka chatha? Ndani mwa inu anafikako pakhomo pake chithere maliro, ndipo anam'thandiza ntchito yanji?