Kodi Kukhululuka N'kutaya Chilungamo?

Akhristu ambiri amazengereza kukhululuka pa zifukwa ziwiri. Choyamba, wolakwayo sanapepese. Chachiwiri, amaopa kuti akakhululuka, cholakwa chija chioneka ngati chaching'ono. Zifukwa zonsezi n'zomveka, koma moyo wa Papa Yohane Paulo Wachiwiri ukuziyankha.

Pa 13 Meyi 1981, Mehmet Ali Ağca anawombera Papa pa bwalo la Petulo Woyera ku Vatican. Patangopita masiku anayi, ali chigonere m'chipatala cha Gemelli, Papa analengeza kuti amukhululukira. Sanadikire kupepesa. Pa 27 Disembala 1983 anakamuchezera kundende ya Rebibbia, koma sanatuluke naye. Ağca anakhalabe mkaidi ku Italy mpaka Juni 2000, pamene anatumizidwa ku Turkey kukagwira ukaidi pa milandu ina.

Zikuoneka apa kuti chikhululuko ndi chilungamo sizitsutsana. Mayi wamasiye amene alamu ake amulanda nyumba angathe kukadandaula kukhothi, uku akuchotsa mumtima mwake chilakolako chowaona akuzunzika. Chimene kukhululuka kumaletsa ndi kubwezera, osati kufunafuna choonadi.

Nanga mphamvu yochitira zimenezi imachokera kuti? Mu Mateyo 18, Yesu akusimba za wantchito amene mfumu inamukhululukira ngongole ya matalente 10,000, ndalama zimene sakanazibweza moyo wake wonse. Iyeyo atatuluka anakanyanga pakhosi mnzake amene anali naye ngongole ya madinari 100. Dinari imodzi inali malipiro a tsiku lathunthu, choncho madinari 100 anali thukuta la miyezi yoposa itatu. Yesu sakunena kuti bala la wolakwiridwa ndi lachabe. Akuonetsa kuti wantchitoyo anaiwala msanga kukula kwa chifundo chimene anali atangochilandira.

Munthu amene sakhulupirira kuti Mulungu anamukhululukiradi, zimamuvuta kukhululukira mnzake. Papa yemwe uja ndiye anakhazikitsa Lamulungu la Chifundo cha Mulungu pa 30 Epulo 2000, tsiku limene analowetsa Faustina Kowalska m'gulu la oyera.

Ululu sutha tsiku limodzi, ndipo kukhulupirirana kumabwerera pang'onopang'ono. Komabe mkhristu angathe kuyamba lero: atchule dzina la amene anamulakwira m'pemphero la pa Misa, ndipo apite ndi mkwiyo wake ku Sakramenti la Kulapa. Kumeneko chifundo chimene akulephera kupereka achilandira iye poyamba.