Kodi Wongolandira Angakhale Bwenzi?

Makolo athu anati kupatsa nkuika. Mwambiwu timauyamikira, koma ine umandiwopsa, pakuti ukauyang'anitsitsa ukunena kuti mphatso iliyonse ndi ngongole yodikira tsiku lake. Kumudzi zimenezi sizivuta: wakupatsa lichero la ufa lero udzamthandiza kupalira maŵa, poti nonse muli ndi khasu. Vuto limabuka pamene mwana wa mlimi wakhoza mayeso a Sitandade 8 nasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, kumene bedi lake layandikana ndi la mwana wa bwana wa m'tauni.

Masana yunifomu imabisa zambiri. Umphaŵi umaonekera usiku, masutikesi akatsegulidwa. Nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa sizikhutitsa mnyamata wa zaka 14, choncho anyamata amapanga timagulu todyera pamodzi: uyu atulutsa shuga, uyu buledi ndi majarini, uyo botolo la Sobo. Palibe amene amalemba malamulo a kaguluko, komabe aliyense amadziŵa kuti dzanja lotenga liyeneranso kuponyamo kanthu. M'sutikesi mwanga munali bulangete limodzi, sopo wa mtanda, ndi kathumba ka nsawa zokazinga zimene amayi ananditsira.

Ana osauka ena amathaŵira m'bodza. Ndinaona mnzathu wina akuuza anthu kuti bambo wachigamba amene anabwera kudzamuona ndi "munthu wa kwathu chabe." Sindimweruza, anali mwana. Amene amandivutitsa maganizo ndi uja wosanama, wolandiridwa bwino m'gulu, amene pofuna kubweza amayamba kuchapa malaya a anzake, kupolisha nsapato zawo, kuŵasungira malo pamzere wa phala. Onse amamutcha mnzawo, ndipo amamkondadi. Koma tsiku limene watsutsa mmodzi wa iwo pa nkhani ya mpira, pamakhala kachetechete wina wachilendo, ngati wantchito wayankha bwana.

Aristotle analilingalira funso limeneli. Iye anaona kuti ubwenzi umafuna kufanana, ndipo kuti pamene aŵiri safanana, wapamwamba alandire ulemu wochuluka, wapansi alandire thandizo lochuluka, sikelo ilingane. Pamenepa ndikusiyana naye mkuluyo. Ulemu woperekedwa polipira buledi ndiwo umene umasandutsa mnzako kapolo. Ungamuuze bwanji munthu kuti walakwa, shuga wake ali m'kapu mwako? Ndipo bwenzi losatha kukudzudzula ndi la ntchito yanji?

Tikamakamba za umphaŵi timakonda kulangiza olemera kuti aziphunzira kupatsa. Kupatsa nkosavuta, ndiponso kumakoma, kumamkweza wopatsayo. Chovuta, chimene ana a mabwana ambiri sanaphunzitsidwe kwawo, ndicho kulandira kanthu kochokera m'dzanja la wosauka popanda kuseka, popanda kunena kuti "sunga, ukufunika ndiwe." Mawu omalizaŵa amamveka achifundo, koma amatseka khomo lokhalo limene mwana wosauka akanaloŵera ngati munthu mnzawo.

Mnzanga weniweni wa Fomu 1 anali mwana wa mkulu wina wa ku banki. Anali ndi zonse zimene ine ndinalibe, koma magetsi akazimitsidwa ankandigwedeza phazi nati, "Aise, nsawa zija zatha?" Ankapempha, osati mwaulemu ayi, mwaumbombo ndithu, ndipo zikatha ankadandaula. Mwina wina anena kuti nsawa za matambala oŵerengeka sizingalingane ndi chitini cha mkaka. Zoona, sizilingana, ndipo ife sitinaŵerengere. Chimene chinalingana nchakuti aliyense anali ndi kanthu kamene mnzake ankakafuna, ndi mphamvu yomana akakwiya. Tinkamanana ndithu, tinkakangana mpaka sabata osalankhulana.

Pa tchuthi cha Fomu 2 anabwera kwathu. Anagona pamphasa, nadya nsima ya therere, nalephera kupalasa njinga mumchenga, ana a m'mudzi akumseka. Potsazika, amayi anamgwirira tambala, yemwe tinali naye mmodzi yekha. Ndinamuona akutsegula pakamwa kuti akane, kenaka anagwada, nalandira ndi manja aŵiri, nakwera naye basi tambalayo akulira m'khwapa.