Kodi wotumikira osauka ayenera kulandira malipiro?

Kale ntchito yachifundo inkagwiridwa ndi anthu ongodzipereka akaweruka kumunda kapena kumsika. Lero yasanduka ntchito yolembedwa, ya kontrakiti ndi malipiro a pamwezi. Ku Britain mabungwe achifundo ali ndi antchito olipidwa pafupifupi miliyoni imodzi, kapena kuti atatu mwa antchito 100 alionse m'dzikomo. Ambiri mwa iwo ndi amayi, ndipo kawirikawiri amalandira zochepa poyerekeza ndi anzawo a m'makampani. Kwathu kuno zili mosiyana: ntchito ya m'bungwe lomwe si la boma imasiririka, moti anamwino ndi madotolo ena amasiya zipatala za boma n'kukalowa kumeneko.

Funso n'lakuti: kodi ndalama yoperekedwa m'dzina la wosauka ingalowe m'thumba la wantchito popanda chinyengo?

Chipembedzo chathu sichiletsa. Mu Surat Tauba, ndime 60, otolera ndi kugawa zakaat ali m'gulu la magulu asanu ndi atatu oyenera kulandirako. Abu Bakr (Allah asangalale naye), atasankhidwa kukhala khalifa m'chaka cha 632, anapatsidwa gawo kuchokera ku Baitul Maal kuti asiye malonda ake a nsalu ndi kutumikira anthu. Wosamalira ana amasiye nayenso ali ndi ana ake. Tikamumana malipiro, ntchitoyo idzatsalira olemera okha, kapena tidzamukankhira ku kuba.

Komabe chilolezo chili ndi malire. Malipiro amakhala olungama pamene akulingana ndi thukuta la munthu ndiponso pamene wosauka akulandirabe gawo lalikulu. Chuma cha bungwe chikamathera m'maalawansi, m'misonkhano ya kunyanja ndi m'magalimoto, umphawi wa anthu wasanduka munda wa ena.

Chaka cha 2025 chatiphunzitsanso kanthu. Dziko la America litadula thandizo lake, antchito ambiri a m'mabungwe anachotsedwa ntchito, koma odwala ndi amasiye anatsala pomwepo. Ntchito yodalira mpopi wa mwini imauma tsiku lomwe iye watseka.

Tiyeni tsono tiwalipire mokwanira atumiki a m'mabungwe athu, kuchokera m'zopereka zathu, ndipo mabuku a ndalama akhale otsegukira aliyense. Wolipidwayo azikumbukira kuti wanyamula amaana. Ifenso osalipidwa tisaganize kuti udindo wozonda wodwala tinaugulitsa kwa mabungwe.