Kodi Kunamiza Munthu wa Kafukufuku Ndi Tchimo?

Chisankho chikamayandikira, m'midzi ndi m'matauni mumayamba kuoneka achinyamata atakolekera chitupa m'khosi, tabuleti ili m'manja. Amaodira pakhomo, n'kupempha kucheza ndi munthu mmodzi wa pabanjapo. Amafunsa za madzi, za mtengo wa chimanga, za mankhwala kuchipatala, za katangale. Kenako limafika funso lomwe limachititsa munthu kuyang'ana uku ndi uku asanayankhe: "Chisankho chitachitika mawa, mungavotere chipani chiti?"

Alipo ena amene akafunsidwa chonchi amatchula dala chipani chimene sadzachivotera. Ine funso langa ndi loti, kodi munthu wotereyu walakwa?

Ambiri angayankhe msanga kuti ayi. Voti ndi yachinsinsi, wofunsayo ndi mlendo, ndipo palibe amene wavulala. Nanga kumuuza mlendo za kumtima n'chifukwa chiyani, pomwe mawa lake akhala atapita? Maganizo amenewa ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo kwathunthu. Chifukwa chake chili m'mene kafukufuku amachitikira.

Bungwe la Afrobarometer, lomwe lidayamba mu 1999, nthawi zambiri limafunsa anthu 1,200 kapena 2,400 m'dziko lonse. Anthu amaseka akamva nambala imeneyi: "Ine sanandifunsepo, ndiye akudziwa bwanji?" Koma taonani mayi wogula chimanga pamsika. Sawerenga njere zonse za m'thumba. Amapisa dzanja pamwamba, pakati ndi pansi, n'kudziwa ngati chili chofumbwa. Chachikulu n'choti dzanja lifike paliponse. N'chifukwa chake ofufuza amasankha madera, nyumba ndi anthu mwa maere, osati mwa chibale, ndipo amafunsa amuna ndi akazi mofanana. Akatero, zotsatira za anthu 1,200 zimaphonya pang'ono chabe, mwina ndi anthu atatu pa 100 alionse.

Tsono tiyeni tiwerengere. Pa chisankho cha 2025 anthu oposa 7 miliyoni adalembetsa m'kaundula wa zisankho. Tikagawa nambala imeneyi ndi 1,200, tipeza kuti munthu mmodzi wofunsidwa akuyankhulira anzake pafupifupi 6,000. Maere akakugwera, pakamwa pako sipakhalanso pako wekha. Uli ngati mthenga amene mudzi wamutuma kwa mfumu. Mthenga akasintha uthenga panjira, wanamiza mfumu, inde, koma amene wawalakwira kwambiri ndi anthu amene anamutuma. Apa ndiye pali tchimo la bodza la pa kafukufuku: si kupusitsa mnyamata wa tabuleti uja, koma kutenga mawu a anthu 6,000 n'kukawaika pamene eni ake sanafune.

Komabe sindingaweruze ndisanafunse chimene chimamunamitsa munthu. Nthawi zambiri si chipongwe ayi, ndi mantha. Agogo athu ndi makolo athu adakula nthawi imene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi ya chipani, nthawi imene mawu amodzi olankhulidwa pamowa ankatha kumusowetsa munthu. Pa 14 June 1993, pa referendamu, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adasankha nyali, kukana ulamuliro wa chipani chimodzi. Koma mukanawafunsa anthu omwewo pakhomo pawo zaka ziwiri m'mbuyomo, mukuganiza akanayankha chiyani? Mantha oterewa sathera tsiku limene malamulo asintha. Lero avala malaya ena: kuopa kufufutidwa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, wa Mtukula Pakhomo, kapena wa chimanga cha thandizo. A Afrobarometer eni ake amazidziwa zimenezi, moti kumapeto kwa macheza amafunsa munthu kuti akuganiza kuti awatuma ndani. Ambiri ndithu amayankha kuti boma.

Izi si za kwathu kuno kokha. Ku Nicaragua mu 1990 kafukufuku wambiri ankasonyeza kuti Daniel Ortega, yemwe ankalamula, apambana, koma adapambana ndi Violeta Chamorro. Akatswiri ena adayesa kufunsa anthu mafunso ofanana, koma ofunsawo atagwira zolembera za mitundu ya zipani zosiyana. Mayankho adasintha malinga ndi cholembera! Anthu ankayamba awerenga munthu wofunsayo, kenako n'kumupatsa yankho losawaika m'mavuto.

Ndiye mayi wamasiye amene watchula chipani cholamula poopa kuti ana ake angagone ndi njala, ndimutche wabodza? Lilime langa likulemera. Bodza lake ndi bodza ndithu, ndipo liwononga chiwerengero monga bodza lina lililonse. Koma mlandu waukulu uli kwa amene adamuphunzitsa kuti thumba la feteleza logulidwa ndi misonkho lili ndi mtundu wa chipani. Wa m'tauni amene amanama mongoseweretsa, n'kumakadzitama pa WhatsApp kuti "ndawasokoneza", ameneyo alibe pobisala.

Palinso njira yachitatu imene timaiiwala. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti, "Pepani achimwene, funso limenelo sindiyankha." Kukana kotereku si bodza. Wofunsayo amalemba kuti munthuyu wakana, ndipo pa zotsatira aliyense amaona kuti pali gulu limene silinanene maganizo ake. Dzenje looneka munthu amalilambalala. Bodza ndi dzenje lofotseredwa ndi udzu. Kwa ine, chinsinsi cha voti chimatipatsa ufulu wokhala chete, osati ufulu wonamizira anzathu.

Chomwe chimandilimbitsa mtima n'choti Amalawi ambiri, ngakhale ali ndi zifukwa zoopera, akhala akunena zoona. Chisankho cha pa 20 May 2014 chisanachitike, kafukufuku wa Afrobarometer adasonyeza a Peter Mutharika ali patsogolo, pomwe pampando panali a Joyce Banda, ndipo a Mutharika adapambanadi ndi mavoti 36 pa 100 alionse. Mu 2020 bungwe la IPOR la ku Zomba lidaika a Lazarus Chakwera patsogolo, ndipo pa 23 June adapambana. Mu 2025 bungwe lomwelo lidaikanso a Mutharika patsogolo, ndipo zidaterodi pa 16 September. Katatu konseka amene ankatsogola anali wotsutsa boma. Tanthauzo lake n'loti anthu wamba ambirimbiri adamuyang'ana m'maso mlendo yemwe mwina ankamuyesa wa boma, n'kumuuza kuti olamulawo sawafunanso. Kumeneko n'kulimba mtima, ngakhale sikulembedwa m'nyuzipepala.

Chodabwitsa n'choti andale, omwe amapindula kwambiri ndi choonadi chimenechi, ndiwo amachinyoza. Kafukufuku akawakomera amamuyamikira kuti ndi wa akatswiri, akawaipira ati wagulidwa. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Mtsogoleri amene amatukwana omutsina khutu amaphunzitsa anthu ake kumuombera m'manja masana n'kukamugwetsa m'kachipinda kovotera.

Timavota kamodzi pa zaka zisanu. Pakati pa zaka zimenezo, mlimi wa ku Nsanje kapena msodzi wa ku Nkhata Bay alibe njira zambiri zoti mawu ake akafikire ku Capital Hill. Sakhala pa wailesi, ndipo phungu wake mwina adamuona komaliza nthawi ya kampeni. Kafukufuku woyendetsedwa bwino ndi amodzi mwa malo ochepa amene yankho lake limalemera chimodzimodzi ndi la bwana wa ku Area 10. Choncho akakupezani, muli ndi ufulu wowabweza mwaulemu, kapena kudumpha funso limene simukumasuka nalo. Koma mukasankha kutsegula pakamwa, nenani zimene zili mumtima, pakuti pali anthu 6,000 amene sanafunsidwe ndipo akudalira inuyo.